Agogo Akana Kulowa M'chitini

Mudziwu uli cha kumalire a Dowa ndi Ntchisi, pamtunda poti kukacha bwino umaona phiri la Kongwe mbali iyi, nkhalango ya Ntchisi mbali inayo. Ndi mwezi wa July, Lachinayi m'mawa, ndipo mphepo ikuluma. Agogo akhala pamphasa pakhonde, lichero la mtedza lili pamiyendo. Mdzukulu wawo amawerengera ndalama pa kampani ina ku Lilongwe. Zojambula sanaphunzire pasukulu iliyonse. Zinangomugwira, ndipo tchuthi chilichonse zimamugwira mwa mtundu wina.

MDZUKULU: Agogo, musagwedezeke. Ndatsala ndi chibwano chokha.

AGOGO: Chibwano chomwecho unayamba dzuwa lili apo. Chikukula kodi?

MDZUKULU: Mukamalankhula chimasuntha.

AGOGO: Nanga ntchito ya chibwano n'chiyani? Amunanga, ine khosi lauma, mtedza sunaswedwe, phala la ana silinaphikidwe. Bweretsa kuno ndione.

MDZUKULU: Sindinamalize, koma onani.

AGOGO: Ameneyu ndani?

MDZUKULU: Ndinu, agogo.

AGOGO: Awa ndi malemu apongozi anga, tsiku limene ndinapsereza nyemba. Unawaonera kuti? Iwe unabadwa iwo atagona kale kunkhadze.

MDZUKULU: Ndinu ndithu. Taonani makwinyawa mmene atulukira. Nkhope yanu ili ndi mbiri, agogo.

AGOGO: Mbiri ukalembe m'buku. Makwinya anga ndimawadziwa, ndimawasambitsa m'mawa uliwonse. Awa a pamphumi ndi angadi, anabwera ndi amalume ako. Koma awa a pansi pa diso wawonjezera wekha.

MDZUKULU: Umenewo ndi mthunzi.

AGOGO: Mthunzi pankhope? Ndakhala pansi pa mtengo ine? Ndipo chakuda chimene chakudetsa zalacho n'chiyani?

MDZUKULU: Makala ojambulira. Amawotcha kuchokera ku nthambi za mtengo wina wa ku Ulaya wotchedwa willow. Ndinagula m'sitolo ku Lilongwe.

AGOGO: Unagula. Zingati?

MDZUKULU: Sizambiri kwenikweni.

AGOGO: Kweza mawu, khutu ili linapuma pantchito.

MDZUKULU: Tingoti ndalama ya nkhuku ziwiri.

AGOGO: Anaphiri! Anaphiri, tabwerani mudzamve malodza! Anyamata a kuno akukankha njinga usiku wonse, matumba a makala atatu kumbuyo, kuzemba a zankhalango kuti akagulitse ku Lilongwe. Wanga uyu wachoka ku Lilongwe komweko ndi makala a ku Ulaya, wabwera nawo ku Dowa.

MDZUKULU: Musaitane anthu, agogo. A kukhitchini ndinayesa. Ndi olimba, amakanda pepala.

AGOGO: Unatola a msuku, ndiye ukudabwa chiyani? Kathyole tinthambi ta mabulosi kuseri uko, utisende, utitsekere m'chitini, ukwirire paphulusa lamoto usiku wonse. Ana a amalume ako adetsa nazo khoma lonse la khola langa la nkhuku, ndipo palibe anawalipiritsa nkhuku. Tsono undiuze, dzulo usiku chinaphulika kuseri kwa khitchini n'chiyani? Agalu anauwa mpaka kwa amfumu.

MDZUKULU: Mtsuko wanga uja. Ndimauwotcha.

AGOGO: Wa zibowo m'mimba uja unali mtsuko?

MDZUKULU: Zibowozo ndinaboola dala. Si wotungira madzi, ndi wokongoletsera pabalaza.

AGOGO: Mtsuko wosasunga madzi. Chabwino. Unauumba liti?

MDZUKULU: Lolemba.

AGOGO: Lolemba kuumba, Lachitatu pamoto. Dothi unalisankha miyala? Unalivundika? Unasinjirako phale?

MDZUKULU: Pa YouTube sananene za phale.

AGOGO: A YouTube amenewo ndi ana a kwa yani? Anawaphunzitsa ndani? Tamvera. Dothi ukatapa kumtapo umalinyowetsa, n'kulivundikira masiku angapo. Kenako umaliponda pamwala, kuchotsa timiyala ndi timizu tonse. Umasinja phale lakale n'kusakaniza, kuti mbiya isachite mantha ikaona moto. Ukaumba umakulungiza ndi nkhulungo, n'kuyanika m'nyumba, pamthunzi, sabata ziwiri kapena zitatu. Tsiku lowotcha suiponya pamoto ngati mbatata. Umayamba waiwambika chapatali, izolowere.

MDZUKULU: Ndamva tsopano. Madzi amene anatsala m'dothi anasanduka nthunzi, nthunziyo inasowa potulukira. Madzi akafika pa madigiri 100...

AGOGO: Nthunziyo ilipo, sindikana. Koma palinso china. Woumba mbiya amayenera kukhala wozizira. Iwe wangofika kumene kuchokera kutauni, foni ikung'anima usiku wonse, ukuseka wekha m'bulangete. Ameneyo ndani?

MDZUKULU: Ndi mnzanga wa kuntchito chabe.

AGOGO: Mtsuko waulula kale. Ine mkazi wamkulu ndili pano, wakatenga wina osandiuza. Amadziwa kupeta?

MDZUKULU: Agogo, tiyeni tikambe za luso. Mizere imene mumalemba pakhosi pa mitsuko yanu ija imandikumbutsa za ku Chongoni. Ndinapitako chaka chatha, ku Dedza. Kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo a UNESCO anawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula. Zoyera anajambula ndi Achewa, ndi chala, ndipo zambiri anajambula ndi amayi pa nthawi ya chinamwali. Pali zina zooneka ngati nyama yotambasula miyendo. Inu munavinidwa, eti?

AGOGO: Ndinavinidwa ndisanalowe kalasi.

MDZUKULU: Ndiye mukudziwa tanthauzo lake.

AGOGO: Ndikudziwa.

MDZUKULU: Tandiuzeni, ndilembe.

AGOGO: A UNESCO akuuze. Si ndiwo ali ndi kaundula? Mwamuna wandevu zake kufunsa za kutsimba, dzuwa lili phwee. Anamkungwi amene anandilanga atadzuka lero akhoza kukomokanso.

MDZUKULU: Chabwino, za amayi tazisiya. Koma ndimaganiza zosema chigoba cha nyau, chaching'ono, chopachika pakhoma kunyumba kwanga.

AGOGO: Tsitsa mawu! Chigoba cha chiyani? Zilombo sizisemedwa. Zimachokera kumene zimachokera.

MDZUKULU: Koma agogo, Gule Wamkulu ndi wodziwika dziko lonse. A UNESCO omwewo anamulemekeza mu 2005, wa kuno, wa ku Zambia ndi wa ku Mozambique. Ku Mua, kunyumba ya Chamare, zapachikidwa mazanamazana. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo aliyense amalowa kukaona.

AGOGO: Achisalewo anakalambira pakati pa eni ake. Iwe wabwera Loweruka, ukubwerera Lamulungu. Kudambwe sunapondeko, ndipo ine mayi wa Chigwirizano sindikutuma kumeneko. Koma ukasema chinthu chimenecho pakhomo pano, mbuzi yolipira mlandu ikhala yako, osati yanga. Tsono chitini chamkaka wanyamulacho, muli shuga?

MDZUKULU: Iyi ndi kamera. Ndapanga ndekha.

AGOGO: Mayo ine, fizi ya mwana wanga.

MDZUKULU: Taonani kaye. Pansi pa chitini ndaboola kabowo ndi singano. Kukamwa kwake ndamatako pepala lopaka mafuta. Fundani chitenje kumutu kuti mukhale mdima, mulozetse kabowoko kubwalo, muyang'ane papepalapo.

AGOGO: Sindikuona kanthu. Dikira. Iii! Nkhokwe yaima ndi denga! Phiri lalendewera! Anaphiri akubwera uko miyendo m'mwamba, ndowa ili pansi, madzi osatayika!

MDZUKULU: Kuwala kumayenda mowongoka. Kochokera kumutu kwa Anaphiri kukadutsa pakabowo kumakagwera m'munsi mwa pepala, kochokera kumapazi kumakagwera m'mwamba. Kamera iliyonse imatero, ngakhale ya m'foni. Diso lanunso limatero, ubongo ndiwo umatembenuza.

AGOGO: Diso langa lisiye, silinazondotsepo munthu. Komatu zimenezi ndinazionapo. Nyumba yakale ija, denga litatha, dzuwa linkalowa m'timipata ta udzu n'kugwa pansi tozungulira tokhatokha. Chaka cha kadamsana, amayi ako ali ndi pakati pa mlongo wako...

MDZUKULU: Mu June 2001.

AGOGO: Masana amenewo kutachita kamdima, tozungulira tonse tija tinasanduka timiyezi tongokhala kumene. Pansi ponse mbwee. Agogo ako aamuna anati tipemphere.

MDZUKULU: Agogo, imeneyo ndiyo kamera yeniyeni! Kabowo kalikonse kankajambula dzuwa. Nyumba yanu yonse inali kamera!

AGOGO: Inali nyumba yodontha. Dzinja lake tinagona chokhala.

MDZUKULU: Chithunzi chakale kwambiri cha kamera chimene chidakalipo padziko lapansi anachijambula ndi Mfalansa wina, Niépce, cha m'ma 1826. Analozetsa bokosi pawindo maola osachepera 8. Ine ndikungopempha mphindi imodzi. Ndikapeza pepala lake lenileni logwira kuwala, mudzakhale patsogolo pa chitinichi.

AGOGO: Kuti ndilowe mmenemo chozondoka? Chitenje adzandigwirira ndani? Ndakana. Jambula nkhokwe, ilibe manyazi.

MDZUKULU: Basi, tigwiritse foni. Koma ndimafuna tikajambulire m'khitchini. Mukhale pafupi ndi mafuwa, utsi ukukwera, kuwala kukulowera pakhomo. Muvale chitenje chakale chija, chofiira chong'ambika m'mphepete.

AGOGO: Chimene ndimaphimbira nkhuku yofungatira?

MDZUKULU: Chomwecho. Chili ndi moyo, agogo. Chimaonetsa mudzi weniweni.

AGOGO: Chili ndi utitiri. Ine ndili ndi bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda yosita, nsapato zimene unandigulira wekha. Ndine mayi wa mpingo wa ku Kongwe, umene unayamba 1894, agogo a agogo ako akuona. Bwanji osandijambula Lamulungu ndikutuluka m'tchalitchi?

MDZUKULU: Zimenezo zimaoneka zokonzekera. Anthu okonda zithunzi amafuna zachilengedwe.

AGOGO: Anthu ake ati?

MDZUKULU: Amene amabwera kuzionetsero. A m'tauni, alendo akunja.

AGOGO: Eya, tafika pamene ndimadikira. Khala pansi. Chaka cha njala ya 2002 kunabwera anthu a bungwe lina pagalimoto yoyera. Njala inalipo, sindibisa, tinadya gaga, ena anakumba mizu ya nthochi, maliro anali osaleka. Koma tsiku limenelo ine ndinali nditaphika maungu, ana adya, poto ndatsuka. Anandipeza ndikuchokera kotsukako. Womasulira wawo akuti, mayi, vulani patapata. Ndavula. Khalani pansi apa, gwirani potoyo chopendeketsa kuti m'kati muoneke. Ndagwira. Ndiye ine zinandiseketsa. Akuti ayi mayi, musaseke.

MDZUKULU: Anakupatsani kanthu?

AGOGO: Chimanga chinabwera pambuyo pake, ndipo tinathokoza, chinapulumutsa anthu. Koma patapita zaka amalume ako anakandipeza pakhoma la ofesi ina ku Lilongwe, wamkulu kuposa chitseko, poto m'manja, kukamwa kuli pululu. Dzina langa panalibe. Anafunsa mlonda kuti mayi awa ndani, mlonda akuti ndi njala. Ndiye lero mdzukulu wanga wobereka ndekha akuti vulani nsapato, lowani mu utsi.

MDZUKULU: Ine cholinga changa si chimenecho, agogo.

AGOGO: Cholinga sichioneka pachithunzi. Chimaoneka ndi chitenje cha nkhuku. Kalowe m'chipinda, pamwamba pa sutikesi pali Baibulo, utenge chithunzi chili pa Masalimo.

(Mnyamata walowa, watuluka ndi kachithunzi kofiirira, kothyoka pangodya.)

MDZUKULU: Agogo aamuna! Suti, chipewa, dzanja pagalimoto. Anali ndi galimoto?

AGOGO: Yang'anitsitsa.

MDZUKULU: Ndi yojambula pansalu.

AGOGO: Suti ya mwini studio, chipewa cha mwini studio, galimoto ya penti. Zawo ndi ndevu zokhazo. Anapita ku Joni pa Wenela, kukakumba pansi pa nthaka, anabwerako chaka chimodzi ndege ya Wenela ija isanagwe ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kutseka ulendo. Chithunzichi chinatsogola pa positi. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Ine ndinauza achimwene kuti alambule msewu kuchokera kudambo. Munthu anatsika basi pa Mponela ndi bulangete, wayilesi ndi chifuwa.

MDZUKULU: Mwaona tsono? Chithunzi chokonzekera chimanama.

AGOGO: Chinanama mokomera mwini nkhope. Chako chikufuna kunama mokomera wogula. Munthu anakhala zaka ziwiri m'dzenje, ukufuna akanatitumizira dzenjelo?

MDZUKULU: Koma mbiri imafuna zoona.

AGOGO: Zoona zili pachiphaso cha unzika. Chija anatijambula mu 2017, titaima pamzere kuyambira m'mawa, milomo itauma. Ndikachitulutsa kogula feteleza, kalaliki amayang'ana chiphaso, amayang'ana ine, n'kundipepesa. Kale kunali wojambula wa panjinga, ankabwera pa Khirisimasi. Ameneyo ankadziwa ulemu. Ankadikira usambe, udzole, ubwereke wotchi kwa aphunzitsi, uime pafupi ndi maluwa. Umapereka theka, filimu imapita ku Lilongwe, mwezi wathunthu ukudikira. Nthawi zina ankabwera n'kunena kuti filimu inapsa, theka lako lapsera limodzi. Koma sanauzepo munthu kuti avale sanza.

MDZUKULU: Ndagonja. Lamulungu, yunifolomu, pakhomo pa tchalitchi.

AGOGO: Ndipo uchitsukitse papepala, uchiike m'galasi. Za m'foni zimathera m'manja mwa akuba a m'depoti. Chimenecho ndicho adzanyamule patsogolo pa bokosi langa, ndiye ndiyambe ndachivomereza ndine. Sindifuna anthu adzalire kawiri.

MDZUKULU: Musatchule zimenezo. Dikirani ndikuonetseni ntchito imene ndikunyadira kwambiri. Ndagwira usiku utatu.

(Watulutsa chikatoni chachikulu, chomatidwa zinthu mbali yonse.)

AGOGO: Mphepo yakuunjikira zinyalala pakatoni.

MDZUKULU: Iyi amati collage. Umadula zinthu zosiyanasiyana n'kuzimata pamodzi kuti zinene chinthu chatsopano. Taonani, ili ndi thumba la feteleza wa chitowe, likuimira munda. Awa ndi makadi a mayunitsi okalakala, akuimira ana amene anapita kutauni. Ili ndi tsamba la fodya.

AGOGO: Walitenga kuti?

MDZUKULU: M'chigafa mwa amalume.

AGOGO: Lalitali, lofewa, lopanda banga. Pa masamba onse wasankha limene akanalitamanda ku Kanengo. Diso uli nalo, ndikuvomera. Amalume akowo ukawafotokozere wekha.

MDZUKULU: Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Picasso ndi mnzake Braque ku Paris mu 1912, pamene anayamba kumata zidutswa za nyuzipepala pazojambula zawo. Lero kuli El Anatsui wa ku Ghana, amene amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa, n'kupanga chinsalu chachikulu chokuta khoma lonse. Ntchito zake zimapachikidwa ku London ndi ku New York.

AGOGO: Zitsekerero za mowa? Munthu ameneyo abwere pa Mponela sabata yolandira ndalama za fodya, adzabwerera ndi ngolo. Koma zomata nyuzipepala usandiuze kuti n'za ku Paris. Pabalaza pa nyumba yodontha ija panali Boma Lathu khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kumitengo ya denga. Ndinamata ndekha ndi phala la ufa wa chinangwa. Guluu wako wa m'sitoloyu taona, ngodya yayamba kale kutukuka.

MDZUKULU: Phala limagwira kuposa guluu?

AGOGO: Limagwira, koma limaitana mphemvu, ndiye umathirako mchere pang'ono n'kupemphera. Ndipo kumata kwathu kunali ndi malamulo, osati kwanu kongomata pamene mtima wafuna. Tsamba lililonse umayamba waliyang'ana mbali zonse ziwiri. Pakakhala nkhope ya Ngwazi, limenelo lipite pamwamba penipeni, lowongoka, pasakhale china pamwamba pake. Ukalimata chozondoka, kapena pafupi ndi pansi pamene ana amapukutira mamina, a Yufi akabwera kudzaona makhadi a chipani ndiye kuti wadziitanira. Tsiku lina ndinapeza agogo ako atadula pepala kuti apichirire fodya, atatsala pang'ono kudula chipewa cha Ngwazi. Ndinawalanda ndi mthiko m'manja. Dzaleka si patali, amunanga. Masiku amenewo munthu ankatsekeredwa kumeneko chifukwa cha zochepa kuposa chipewa.

MDZUKULU: Ku Dzaleka komweko ndiko ndikufuna kukaionetsa. Chiyambire 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Kuli ojambula, osoka, oimba. Mlakatuli wina wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, anthu amachoka ku Lilongwe kukaonera.

AGOGO: Ku Dzaleka ukundiuza ine? Msika wa Lachiwiri ndagulitsako nyemba kangati? Amayi a ku Congo aja amadziwa kusoka, ndipo amadziwa kutsitsa mtengo mpaka umabwerako ukudzifunsa ngati nyembazo zinali zako. Amenewo sadzagula katoni. Tasendeza kuno ndione bwino. Ichi chobiriwira ndi chiyani?

MDZUKULU: Nkhalango ya Ntchisi. Munkatiuza kuti makolo ankabisala mmenemo pothawa nkhondo ya Angoni. Ndadula kuchokera ku chitenje chakutha chimene ndinapeza pachingwe.

AGOGO: Chinali pachingwe chifukwa ndinachichapa. Tipitirire. Nanga timapepala toyera tili mbwee m'mwambamu?

MDZUKULU: Pamenepo ndiye pamtima pa ntchito yonse. Ndinapeza pepala lakale kuseri kwa chitseko chanu, lodzaza zizindikiro zolemba pamanja. Timizere, timitanda, tozungulira. Nditangoona ndinakumbuka Chongoni. Ndinati izi ndi zizindikiro za makolo, agogo akuzisunga mwakachetechete. Ndiye ndazidula n'kuzimwaza kumwamba, zikhale nyenyezi zoyang'anira mudzi.

AGOGO: Kuseri kwa chitseko.

MDZUKULU: Eya.

AGOGO: Pepala lokhala ndi chithunzi cha chimanga pamwamba.

MDZUKULU: Lomwelo. Chimangacho ndachimata apa.

AGOGO: Mwana iwe. Imeneyo ndi kalendala ya chaka chino. Zizindikiro za makolo zakozo ndi banki m'khonde.

MDZUKULU: Banki?

AGOGO: Kamzere ndi sheya imodzi. Kamtanda ndi ngongole imene ndatenga. Kozungulira ndi tsiku limene ndabweza ndi chiwongoladzanja chake. Ine sukulu ndinalekera pa sileti, ndiye ndimalemba mmene ndimamvera. Buku la alembi athu linanyowa ndi mvula ya mu March, inki inayenderera, ndipo pali mayi wina akuti ngongole ya feteleza sindinabweze. Umboni wanga wonse ndi umene wausandutsa nyenyeziwu.

MDZUKULU: Pepani, agogo. Sindinadziwe. Ndimatula bwinobwino.

AGOGO: Usakhudze! Ukamatula ung'amba. Iwe si wowerengera ndalama za kampani? Werengera zanga. February ali kuti?

MDZUKULU: Apa, pamwamba pa phiri. Koma wazondoka.

AGOGO: Iwe ndi kuzondotsa. March?

MDZUKULU: March ndinamudula pakati. Theka lili apa, theka linalo lili pansi pa tsamba la fodya.

AGOGO: Kozungulira ka sabata yachitatu kali mbali iti?

MDZUKULU: Ndikuganiza kuti kali pansi pa fodya.

AGOGO: Ukuganiza. Tukula tsambalo pang'ono, ndi chikhadabo, osati ndi mphamvu. Ukuona chiyani?

MDZUKULU: Kozungulira. Kamodzi, kakakulu, mwakabwereza kawiri.

AGOGO: Ndinakabwereza chifukwa tsiku limenelo ndinagona tulo. Ambuye alemekezeke. April?

MDZUKULU: April ndinam'panga mwezi. Uwu wozungulirawu. Masabata a m'mphepete anagwera pansi podula.

AGOGO: Anagwera pati?

MDZUKULU: Ndinasesa.

AGOGO: Tsiku loyamba kugwira tsache chibadwire, wasesa masheya anga. Kudzala, msanga, nkhuku zisanapalase. Ayi, dikira, dzuwa lafika pati? Lero Lachinayi. Gulu likumana pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu, ndipo mayi uja wanena kuti lero nkhaniyi ithe.

MDZUKULU: Ndiye titani?

AGOGO: Senza.

MDZUKULU: Katoni yonseyi? Pamaso pa anthu?

AGOGO: Si umafuna chionetsero? Kuli amayi makumi awiri ndi asanu kumeneko, ndi msungichuma wovala magalasi. Adzayang'ana nyenyezi iliyonse payokhapayokha, ena adzaloza ndi chala, ena adzatsutsa, mwina wina adzalira. Ku London anam'yang'anitsitsapo choncho wa zitsekerero uja?

MDZUKULU: Adzandiseka, agogo.

AGOGO: Adzayamba aseka, kenako adzawerenga. Iwe udzaima pambali, ukamva ndati February, utembenuze katoni mutu pansi. Ndikati March, utukule fodya. Za April udzafotokoza wekha, ndi Chingerezi chako chomwe, kuti unafuna mwezi. Ndipo amalume ako akhala ali pamenepo, amabwera kudzaperekeza akazi awo.

MDZUKULU: Tsamba lija adzaliona.

AGOGO: Adzalizindikira ali patali. Patse ndodo yangayo. M'thumbamo muli Rose Chibambo?

MDZUKULU: K200? Ilipo. Ya chiyani?

AGOGO: Chindapusa cha ochedwa. Konza awiri, chifukwa nawenso ukulowa pabwalo. Gwira bwino, phiri liloze kumwamba, ndipo tidzere kudzala.